Kodi valavu yotulutsira oyilo ndi yodalirika pa pikapu yoyenda m'misewu yafumbi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mchinji amene ali ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya injini ya malita 2.5, imene amanyamulira mtedza ndi soya kuchokera kumidzi kupita nazo kumisika. Oyilo amasintha okha pakhomo galimotoyo ikayenda makilomita 5,000. Funso lawo linali lakuti: "Ndaona pa intaneti kavalavu kamene amakamanga m'malo mwa bawuti ya pansi pa injini, kotero kuti posintha oyilo munthu amangotsegula ngati mpopi. Kodi sikangatseguke kokha ndili pa ulendo, injini n'kuwonongeka? Nanga phindu lake n'lokwanira kuti ndiwonongerepo ndalama?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Ndikuyankhani pano chifukwa ndikudziwa kuti eni mapikapu ambiri ali ndi nkhawa yomweyi. Maganizo anga ndi akuti valavu yopangidwa bwino siitseguka yokha, ndipo mantha amenewo mukhoza kuwataya. Chimene muyenera kuchiopa ndi mwala kapena chitsa chimene chingaimenye, ndipo kuti mudziwe ngati ngozi imeneyi ikukukhudzani muyenera kuyala thumba pansi, kugona chagada kunsi kwa galimoto yanu, n'kuona kumene bowo lotulutsira oyilo linaloza.

Ndiyambe ndi mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. Mtundu wodziwika kwambiri ndi wa Fumoto, wopangidwa ku Japan. Ndi kachitsulo ka mkuwa kokhala ndi mazinga ofanana ndi a bawuti ya pa sampu, ndiye kuti chibeseni chija cha pansi pa injini mmene oyilo amakhala. M'kati mwake muli kampira kachitsulo kobooka pakati, monga mmene zilili m'mipopi ina ya madzi. Bowo la kampirako likayang'anana ndi njira, oyilo amatuluka, ndipo likatembenuka, njira imatsekeka. Kachogwirira kake kamakhala kolowa m'kamphako ndipo sipuling'i imakakanikiza momwemo, kotero kuti potsegula muyenera kuchita zinthu ziwiri motsatizana: kukatukula kuti katuluke m'kamphakomo, kenako kukapotoza. Kugwedezeka kwa galimoto, ngakhale pa msewu wa mabampu okhaokha, sikuchita zinthu ziwirizi pamodzi. Palinso kotsekera kena kamene amagulitsa padera, kamene kamagwira kachogwirirako kuti kasatukuke n'komwe, ndipo pa galimoto yonga yanu sindingalole kuti valavu imangidwe popanda kotsekerako. Mitundu ina, monga Stahlbus ya ku Germany ndi ValvoMax, ilibe chogwirira. Imatseguka pokhapokha mwachotsa chivindikiro chake n'kulumikiza paipi yake yapadera, imene imakankha chotsekera cha m'kati. Mukataya paipiyo ndiye kuti simuthanso kutsegula, koma palibenso chimene udzu kapena kamtengo kangakole.

Tsiku lina mnzanga wina anandifunsa ngati mphamvu ya oyilo singaphulitse valavu. Oyilo wa mu sampu sakhala wopanikizika. Pampu imamukoka kuchokera mmenemo n'kumukankhira m'njira za m'injini, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala mphamvu. Valavu imangosenza kulemera kwa malita pafupifupi 7 amene injini yonga yanu imanyamula, ndipo zimenezo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mpopi wa m'nyumba umapirira tsiku ndi tsiku.

Tsopano tifike pa ngozi yeniyeni. Mutu wa bawuti wamba ndi waufupi, umangotuluka pang'ono kunja kwa sampu. Valavu ndi yaitali kuposa pamenepo, makamaka ija yokhala ndi kamlomo kovekerapo paipi, ndiponso ndi ya mkuwa yobooka m'kati, choncho siingapirire nkhonya imene bawuti yachitsulo ingapirire. Ngati bowo la galimoto yanu linaloza pansi ndipo palibe chitsulo chotchinga kunsi, valavuyo ikhoza kukhala chinthu choyamba kukhudza nthaka. Ganizirani misewu imene mumayendamo m'mwezi wa Epulo ndi Meyi mvula itangosiya kumene. Mathirakitala, malole ndi ngolo zimakhala zitakumba tinjira tiwiri takuya, pakati patatsala msana wa dothi louma gwa, mwina muli miyala. Galimoto yodzaza matumba imatsika, ndipo kunsi kwake kumakwecha msana umenewo. Nthawi zina mumapatuka kulowa m'munda kukatenga katundu, kudumpha mizere, kuponda mapesi ndi zitsa zobisika mu udzu. Valavu ikathyoka pamalo otero, oyilo yense amatha m'mphindi zochepa, ndipo woyendetsa amene maso ake ali pa msewu akhoza kuona mochedwa kuti nyali yofiira ya oyilo yayaka. Injini yoyenda yopanda oyilo imawonongekeratu m'kanthawi kochepa, ndipo mtengo woikonza ndi wosayerekezeka ndi kavalavu kaja.

Koma si mapikapu onse amene ali choncho. Pa ena bowo linaloza kumbuyo kapena chammbali, pamalo okwera kuposa chitsulo chopingasa cha chesesi, ndipo ambiri a 4x4 ali ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini. Pamenepo valavu imabisala bwinobwino. Njira yodziwira ndi yosavuta. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mangani handibuleki, ikani miyala ku matayala, ndipo musadalire jeke yekha ngati mwainyamula. Tengani thabwa loongoka, muligoneke mopingasa pansi pa zitsulo zimene zili m'munsi kwambiri mbali zonse ziwiri za sampu, kenako muyeze mpata umene watsala pakati pa thabwalo ndi bowo. Wogulitsa aliyense wodalirika amalemba kutalika kwa valavu yake. Ngati valavu yonse ikukwana mu mpata umenewo n'kutsalako malo, ndiye kuti mwala ukadzabwera udzayamba wamenya chitsulo. Ngati ikupitirira thabwa, musagule, kapena muyambe mwaikitsa chitsulo chotchinga. Ndaonapo mapikapu ambiri amene chitsulo chimenechi chinachotsedwa kalekale ku galaja n'kuiwalika, mwini wake osadziwa n'komwe, choncho musangoganiza kuti chilipo.

Za phindu lake ndili nazo zambiri zonena, chifukwa ndinaphunzira movutikira. Zaka zingapo zapitazo ndinasiya galimoto yanga pa galaja ina kuti asinthe oyilo. Mnyamata amene anagwira ntchitoyo anamanga bawuti ndi sipanala yaitali, n'kuikoka ndi mphamvu zake zonse ngati akumanga tayala la lole. Ulendo wotsatira nditafuna kusintha ndekha, bawutiyo inayamba yakana, kenako inangofewa mwadzidzidzi, ndipo nditaitulutsa ndinapeza tizitsulo topyapyala tonga waya titakulungika m'mazinga ake. Amenewo anali mazinga a sampu atadyeka. Oyilo anayamba kudontha usiku womwewo, ndipo ndinataya masiku awiri ndikufunafuna munthu woti adule mazinga atsopano. Bawuti ya pa sampu ya pikapu yotere imafuna mphamvu yosapitirira 40 Nm (Nm ndi muyeso wa kulimba kwa kamangidwe ka bawuti), imene ndi yochepa, koma ndi amakaniko angati amene amagwiritsa ntchito sipanala yoyezera pa bawuti imeneyi? Galimoto imene imasinthidwa oyilo pa makilomita 5,000 alionse imakhala itamasulidwa ndi kumangidwa ka 40 ikamafika makilomita 200,000, ndipo ulendo uliwonse pamafunika washa watsopano, amene ambiri samusintha. Valavu mumaimanga kamodzi kokha, mazinga a sampu n'kupuma. Kwa ine limeneli ndiye phindu lalikulu, makamaka pa injini za sampu ya aluminiyamu imene mazinga ake sachedwa kudyeka.

Phindu lina ndi ukhondo. Aliyense amene anasinthapo oyilo yekha akudziwa kamphindi kaja bawuti ikamatsala pang'ono kutuluka, zala zikupsa, kenako oyilo wakuda bii n'kutsetsereka pamkono mpaka m'chigongono, bawuti n'kugwera m'beseni. Ndi valavu mumaveka paipi, mbali inayo n'kuilowetsa m'chigubu, ndipo ngakhale kukhale mphepo oyilo samwazikira pabwalo pamene ana amasewera kapena nkhuku zimapalasa. Oyilo wogwira kale ntchito si wabwino pakhungu, ndipo akalowa m'nthaka amawononga madzi a m'zitsime, choncho kumutunga mwaukhondo si nkhani yaing'ono. Mukhozanso kutseka pakati pa ntchito ngati chigubu chadzaza, kapena kutapako pang'ono ngati mwathira wopitirira muyeso, zimene ndi bawuti zimavuta kwambiri.

Ogulitsa amaitcha valavuyi kuti yotulutsa mwachangu, koma dzinali lisakunamizeni. Chimene chimafulumira ndi kutsegula ndi kutseka, koma oyilo weniweniyo amatuluka pang'onopang'ono kuposa kale, chifukwa njira ya m'kati mwa valavu ndi yopapatiza poyerekeza ndi bowo la sampu. Oyilo wokhuthala wa dizilo monga 15W-40, m'mawa wa mwezi wa Juni kukuzizira, amangodontha ngati uchi. Muyenera kuyamba mwaliza injini kuti itenthe, n'kutsegula chivindikiro chothirira pamwamba kuti mpweya uzilowa. Pa Hilux kuchedwa kumeneku kulibe vuto, mukhoza kumasintha fyuluta podikira.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa cha owerenga amene ali ndi Ford Ranger kapena Mazda BT-50 ya injini ya dizilo ya malita 2.2 kapena 3.2, zija zinayamba kutuluka cha mu 2011. Injini zimenezi zili ndi pampu ya oyilo imene ikakhala nthawi yaitali yopanda oyilo imalephera kuyambanso kukoka, ndipo malangizo odziwika bwino kwa amakaniko ndi akuti kuyambira potsegula mpaka pothira oyilo watsopano pasadutse mphindi 10. Injini zina zinawonongeka chifukwa cha kunyalanyaza zimenezi. Valavu imene imachedwetsa kutuluka kwa oyilo imadya mphindi zomwezo, ndipo imamunyengerera munthu kuti atsegule n'kupita kukachita zina. Pa magalimoto amenewa ine ndingasiye bawuti momwe ilili.

Ena amadandaula kuti valavu imasiya oyilo wakale pansi pa sampu. N'zoona kuti ngati mazinga ake ali aatali kuposa khoma la sampu, mlomo wake umatulukira m'kati ndipo oyilo pang'ono amatsalira. Komabe injini iliyonse imasunga oyilo wakale m'njira zake ngakhale mutachotsa bawuti, ndipo kotsalako kakasakanikirana ndi malita 7 atsopano sikavulaza kanthu ngati mukusintha pa nthawi yake ndi fyuluta yomwe. Chimene mungataye ndi maginito, ngati bawuti yanu ili nawo kunsonga, chifukwa tizitsulo timene timakakamira pamenepo timakuuzani mmene injini ikudyekera.

Mukaganiza zogula, samalani kukula kwa mazinga. Injini zambiri za Toyota zimagwiritsa ntchito M12 x 1.25, pamene magalimoto ena ambiri ali ndi M14 x 1.5, ndipo kukakamiza valavu yolakwika kumawononga mazinga omwe mumafuna kuwateteza. Njira yotsimikizika ndi kuyeza bawuti yanu yomwe, makamaka ngati galimotoyo munaigula kwa wina, chifukwa mwina mazinga anadulidwapo kale kukhala aakulu. Pewani zotchipa zopanda dzina zimene zimangofanana maonekedwe ndi zenizeni, chifukwa sipuling'i yofooka kapena mkuwa wosalimba ndi zimene zingachititse kuti mantha anu aja akwaniritsidwe. Pomanga, pukutani pamalopo, ikani washa amene wabwera nayo, zungulizani ndi dzanja mpaka ikhale pansi, kenako mulimbitse pang'ono ndi sipanala motsatira pepala la malangizo. Sipanala igwire thunthu la valavu, osati kachogwirira. Mukathira oyilo lizani injini, yang'anani ngati pakudontha, ndipo muyang'anenso m'mawa mwake.

Pali chinthu china chimene anthu sakonda kuchitchula. Chimene inu mungatsegule ndi chala, munthu wina akhozanso kutsegula ndi chala. Ngati galimoto yanu imagona pamsika kapena panja pa nyumba yogona alendo popanda mlonda, kapena ngati ana amakonda kukwawira pansi pake, mtundu wofuna paipi yapadera uja ndi wotetezeka kuposa wachogwirira.

Pa Hilux yanu bambo, poona katundu amene mumanyamula ndi misewu imene mumadutsa, langizo langa ndi lakuti muyambe ndi muyeso wa thabwa uja. Chitsulo chotchinga chikakhalapo ndipo mpata ukakwana, gulani valavu yaifupi ya kampani yodziwika, muike kotsekera, ndipo bawuti yakale muikulunge m'kansalu pamodzi ndi washa watsopano n'kuisunga m'galimoto limodzi ndi sipanala yake. Mpata ukapanda kukwana, ndalama imeneyo mugulire mawasha okwanira chaka chonse ndi sipanala yoyezera mphamvu. Mukagona pansi paja mujambule chithunzi cha sampu kuchokera chammbali, thabwa likuoneka, n'kunditumizira pa imelo yomweyi kuti tione limodzi.