Shuga ndi yemweyo, nanga ogonekedwa ndi amuna anga okha bwanji?

Mayi wina wa ku Thyolo wandilembera imelo. Amuna awo amathyola tiyi, ali ndi shuga, ndipo chaka chino agonekedwa kawiri ndi chibayo, pomwe kalaliki wa pa esiteti yomweyo, washuganso, sanagonepo m'chipatala. Akufunsa ngati pali dzanja la munthu.

Mayi, palibe. Shuga akakwera, asilikali a m'thupi amachita ulesi, mabala sapola msanga, ndipo mwayi wodwala TB umakwera pafupifupi katatu. Izi n'za onse awiri. Chowasiyanitsa ndi thumba. Kalaliki akamva kutentha thupi amapita kuchipatala tsiku lomwelo. Wothyola tiyi amawerengera makilogalamu omwe ataye ndi ndalama ya kabaza, n'kugula panado pagolosale. Panado amatsitsa kutentha, chibayo chili m'kati chikudya mapapo. Pofika ku Thyolo District Hospital munthu akupuma mobanika, mapilisi sangakwanenso, pafunika bedi, dilipi ndi okosijeni, mwina ambulansi ya ku Queens.

Ndipo anthu oti "chipatala cha boma n'chaulere" amandikwiyitsa. Mankhwala ndi aulere, inde. Nanga thiransipoti? Nanga chakudya cha wodikirira wodwala, ganyu yake itaima? Kugonekedwa sabata imodzi kumadya ndalama zoposa maulendo angapo a kukiliniki ya shuga, koma wosauka ndalamazo sakhala nazo pa tsiku loyenera. Namondwe Freddy atagumula milatho ku Mulanje mu Marichi 2023, kolera ili m'kati, wa shuga ndi wa ma ARV anali pa ngozi iwiri: madzi oipa ndi njira ya ku mankhwala yoduka.

Zoti muchite

Kutentha thupi, kupuma mothamanga kapena bala la kuphazi: kuchipatala pasanathe maola 24, buku la kuchipatala lili m'manja. Chifuwa chikafika masabata awiri, kapena akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapereke makhololo, ayezetsenso HIV, chifukwa chibayo chobwerezabwereza nthawi zina ndi TB. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, amwe Thanzi ORS (paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa) ndipo afunse adokotala za mankhwala a shuga a metformin tsiku lomwelo, poti thupi likauma impso zimalephera kuwachotsa m'thupi. Glibenclamide, mankhwala enanso a shuga, asamwe pamimba yopanda kanthu, shuga amagwa mpaka kukomoka. Mankhwala akatenge kusanatsale mapilisi a sabata imodzi, ndipo ya kabaza yopita ndi kubwera muziisunga payokha, makamaka m'chilimwe tiyi akachepa.