Fulashi ija ndinapereka ndi manja anga

Mng'ono wanga, nditangoona zoti a bungwe akufuna muwapangire gemu ya maukwati a ana koma ndalama ndi pepala la mgwirizano akuti zibwera pambuyo, nsima yandikanika. Mawu amenewo ndinawamva ine mu 2024 kuno ku Chipata konkuno, ndipo mpaka lero chilonda chake sichinapole.

Tinali anayi. Ine ndinkalemba khodi mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, mlongo wina wa ku Navutika ankajambula, mnyamata wina ankapanga nyimbo, ndipo nkhani ankalemba ndi aphunzitsi a ku Chadiza. Lamulo loti ukwati uliwonse, ngakhale wa pamudzi, usachitike munthu asanakwane zaka 18 linali litangosainidwa kumapeto kwa 2023, ndiye bambo wina wa ku bungwe anati tipange gemu ya pa foni yoti ana a sukulu azisewera. Mukukumbukira chaka chimenecho mmene chinalili, chilala, madzi a Kariba atachepa kwambiri, malaiti kubwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire. Ndinkagona switchi ili yoyatsa kuti babu likangowala lindidzutse. Masana ndinkapita ndi laputopu ku babashopu ya ku Kapata yomwe inali ndi jenereta, K10 kutchaja kamodzi, ya m'thumba mwanga.

Ku Chadiza tinapitako katatu. Tinakhala pa mphasa ndi atsikana omwe anabwerera ku sukulu atabereka, ndi anamkungwi, ndi nduna ya mfumu. Zomwe anatiuza sizinali za m'kabuku ka bungwe ayi. Palibe yemwe ananena kuti sadziwa kuipa kokwatiwitsa mwana. Ankanena za nkhokwe yopanda kanthu mu Januwale, za mtunda wa ku sekondale, za kachipinda kolipira pafupi ndi sukulu komwe mwana amagona yekha sabata yonse, za sopo ndi nsapato. Choncho mu gemu yathu wosewera ankakhala agogo olera mdzukulu. Uli ndi matumba a chimanga owerengeka, mwezi uliwonse akuchepa, kenako pakhomo pafika munthu ndi ndalama ndi mbuzi. Usankhe. Njira yopulumutsira mwana inalipo koma inali yowawa, umagulitsa njinga, umakapempha kwa atsibweni, umakagwira ganyu. Agogo ena enieni ndi amene anatipatsa mawu awo. Tinawajambulira m'nyumba mwawo titapachika mabulangete m'zipupa, nkhuku tikuthamangitsa pakhomo. Tisanayambe anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, mukandiika mmenemo musakandiike ngati mfiti." Ndinawalonjeza.

Miyezi isanu tikulimbana nayo kuti ichepe, izitseguka pa itel ya 1GB popanda bandulo. Itatheka, bambo uja anabwera nati mabwana ku Lusaka akufuna aone, ndiike zonse pa fulashi. Zonse. Ndinaika foda yonse, khodi, zithunzi, mawu a agogo, nyimbo. Pepala losainirana panalibe, panali mauthenga a pa WhatsApp okha ndi K1,500 yomwe anatipatsa poyamba kuti tigawane anthu anayi. Atatenga fulashi, zii. Foni kuitana osayankha. Miyezi iwiri.

Tsiku lina mnzanga wogwira ntchito pa loji ina anandiimbira kuti kuholo kwawo akuonetsa gemu yofanana ndi ija ndinamuonetsa. Ndinakwera njinga ya hayala ndi zovala zomwe ndinali nazo. Pakhomo mtsikana wa mndandanda anafufuza dzina langa kawiri, mulibe. Anandilola mwachifundo chabe, ndinakaima kumbuyo pafupi ndi tebulo la makapu a tiyi. Pa pulojekita panali zithunzi za mlongo wathu, nyumba yomweija, mbuzi yomweija ya khutu limodzi loyera yomwe anaijambula katatu chifukwa sinkamukhutiritsa. Koma nkhokwe anachotsa. Matumba a chimanga anachotsa. Njala yonse anaichotsa mu gemu. Panatsala agogo akukankhira mwana kwa mwamuna, ndipo mawu awo anawadula n'kusiya chiganizo chimodzi chokha, choti mtsikana akakula akwatiwe. Chiganizo chimenecho agogo ananena pofotokoza zomwe iwo anauzidwa ali mwana, akulira. Pamenepo anaikapo mafunso a Chingelezi, ukayankha bwino belu lilira. Kumapeto, pomwe tinalemba maina athu ndi dzina la mudzi, panali zizindikiro za mabungwe zokhazokha. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Bambo uja anandiona. Sanachite ngakhale manyazi. Anabwera akumwetulira, nandigwira paphewa, nati tidzakambirana, nandipatsa botolo la Fanta ndi pepala losaina ya thiransipoti. K100. Ndinayang'ana pepalalo, pamwamba panalembedwa kuti ndi la obwera kudzaonerera. Manja anga ankanjenjemera ndipo ndinasaina, chifukwa ndinalibe yobwerera. Ndinatuluka ndisanatsegule botolo lija, ndinakakhala pa ngalande kunja kwa geti mpaka dzuwa kupendeka, ndikuganiza kuti agogo aja ndikawauza chiyani.

Anthu ngati bambo ameneyu ndi amene akupha ntchito imeneyi kuno. Samasewera gemu, sanakhalepo pa mphasa kumudzi kupitirira ola limodzi, chomwe akufuna ndi chithunzi cha ana atagwira foni choti aike mu lipoti. Kwa iye ife tinali aganyu, ndipo agogo anali mawu chabe oti adule mmene akufunira. Amadziwa kuti ku Eastern kuno ntchito za kompyuta n'zosowa, ndiye akangoti dzina lanu lidziwika, timagwada. Mlongo wathu wojambula uja anasiya, pano akugulitsa salaula ku Saturday Market, ndipo nkhani ya gemu safuna n'kuimva komwe. Munthu wa luso ngati ameneyo!

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'choti kwina zinthuzi zimachitika mwaulemu. Gemu ya Never Alone, yomwe inatuluka mu 2014, inapangidwa pamodzi ndi anthu a mtundu wa Iñupiat a ku Alaska, ndipo bungwe la eni nthaka a kumeneko, Cook Inlet Tribal Council, ndi lomwe linayambitsa ntchitoyo n'kukhala ndi gawo pa umwini wake. Akuluakulu awo amaoneka mmenemo akulankhula okha, nthano ikukambidwa m'chilankhulo chawo. Lual Mayen wa ku South Sudan anaphunzira kupanga magemu ali mu kampu ya othawa nkhondo ku Uganda, pa laputopu yomwe amai ake anasungira ndalama zaka zitatu, ndipo gemu yake ya Salaam imadziwika ndi dzina lake. A Games for Change, bungwe lolimbikitsa magemu othandiza anthu, akhala akusonkhanitsa anthu a ntchito imeneyi kuyambira 2004. Ndiye munthu asakunamizeni kuti kufufuta maina ndi mmene zimakhalira.

Inu chitani chonchi. Pepala lisainidwe musanatsegule laputopu, lilembe ndalama, tsiku lolipira, mwini khodi, komanso kuti nkhani sisinthidwa popanda inu. Theka la ndalama lilowe kaye pa Airtel Money kapena MTN. Akafuna kuona, apatseni APK yokha, failo yoikira gemu pa foni, foda ya pulojekiti ikhale kwa inu ndi pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako khodi pomwe masiku amaoneka. Aliyense wopereka mawu ake kumudzi amve gemu yomalizidwa isanatuluke, ndipo akakana mawuwo achoke.

Komabe musaikane ntchitoyo, mng'ono wanga. Mukati mudikire pepala langwiro mudzakalamba musanapange kalikonse, ndipo ena adzaitenga n'kupanga mafunso a belu aja. Popanda galimoto ya bungwe lomwelo ife ku Chadiza sitikanafika, zoona zake n'zimenezo. Yambani, ngakhale ndalama zisanaoneke, bola nkhani ikhale yanu. Ndipo gemuyo musaiumire kwambiri. Ine gemu yathu yeniyeni, ya nkhokwe ija, ndinaigawa ulele pa Xender ndi Bluetooth kwa aliyense wofuna, aphunzitsi aja akuiseweretsa ana ku kalabu ya pasukulu. Anandiuza kuti ana amakangana pa nkhani yogulitsa njinga mpaka belu lowerukira. Kwa agogo ndinapita ndekha pa basi, ndinawaonetsa zonse ziwiri. Ya bungwe anaonera osayankhula, kenako anapempha kuti ndibwereze yathu.

Ngati mulibe anzanu ogwira nawo, Global Game Jam, msonkhano wopangira magemu m'magulu kwa maola 48, imachitika Januwale aliyense, ndipo ku Lusaka a BongoHive, malo okumanirako anthu a za kompyuta, alipo kuyambira 2011, afunseni za anthu a magemu. Kuno tilipo ochepa, timakumana Loweruka masana. Nditumizireni uthenga ku inbox ndikuuzeni malo, mubwere ndi mauthenga onse omwe a bungwewo anakulemberani tiwerenge limodzi musanawayankhe. Mutengenso adaputa, masoketi ndi awiri okha.