Ku Mkanda musadalire foni yokha

Achemwali, mwafunsa ngati Google Maps ingakufikitseni ku chinkhoswe m'mudzi wina wa ku Mkanda, kuno ku Mchinji. Mpaka paboma ikufikitsani bwinobwino. Msewu wa M12 kuchokera ku Lilongwe, kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo palibe posokera. Chintchito chimayamba mukasiya msewu waukulu n'kulowa m'tinjira ta m'midzi.

Ine zinandionekera ndikupita kumaliro a malume. Foni inkaonetsa kanjira kamodzi, koma pansi panali mphanda zitatu, zonse zodzaza mikwingwirima ya ngolo, uku chimanga chitatalika kuposa galimoto. Zigafa za fodya n'zofanana, mitengo ya bulugamu n'chimodzimodzi. Ndinafunsa kamnyamata kena koweta ng'ombe, kanangoloza ndi mlomo, amvekere "ndi pompano apa." Pompano wa kwathu kuno mumuope, ndinayenda mphindi makumi anayi osaona ngakhale chisanja cha maliro.

Kenaka foni inalira. Ndinkayesa ndi abale akundifunafuna, koma unali uthenga wondilandira m'dziko la Zambia! Ndinaima pa kaokala kuti ndigule madzi, mayi wogulitsa n'kutchula mtengo wochepa modabwitsa. Ndikutulutsa ndalama, iwo kuseka: "Bambo, tikunena kwacha yathu ya kuno." Kumeneko malire si ngati pa chipata cha Mwami popita ku Chipata, pomwe pali maofesi ndi zidindo. Ndi minda yokhayokha, chilankhulo n'chimodzi, anthu amakwatirana uku ndi uku. Mutha kuwoloka osadziwa, mulibe ndi pasipoti yomwe.

Anandipulumutsa ndi amayi a pamjigo. Ndinatsika m'galimoto, kuwapatsa moni mwaulemu, n'kutchula dzina la mfumu ya mudziwo ndi mfunda wa malemu. Nthawi yomweyo gogo wina anati, "Aa, kwa a Phiri aja amwalira dzanawa?" n'kundijambulira njira pansi ndi kamtengo: kubwerera, kuwoloka dambo, kukhotera kumanzere pa mtengo wa kachere. Kufunsa uli pawindo injini ikulira, anthu amangokuyankha mokuchotsa.

Ndiye musananyamuke, akuuzeni dzina la nyakwawa ndi la gulupu, chifukwa midzi ya mayina ofanana ndi yambiri. Afunseninso sukulu kapena tchalitchi chapafupi. Mafuta thirani paboma. Mukafika pa Mkanda, lipirani wakabaza wanjinga yamoto azitsogola inu muzitsatira, anyamata amenewo amadziwa khomo lililonse. Ngati mvula yagwa usiku, funsani za madambo musanalowetse kagalimoto kotsika, pena mungagone m'matope nkhuku za chinkhoswe zikudyedwa. Ndipo nyamukani m'mamawa. Ine ndinakafika anthu akuchokera kumanda, azakhali n'kundifunsa ngati ndadzera ku Lusaka.