Pitani ku cabane à sucre nyengo isanathe

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kupita ndi ana ku cabane à sucre (malo ophikirako manyuchi a mitengo ya maple, komwenso alendo amakadyako) komwe anzanu akuntchito ku Montreal akukuitanirani, komanso manyuchi a maple oti mugule. Pitani ndithu, koma musazengereze. Nyengo yake ndi yaifupi, Malichi ndi Epulo basi, chifukwa madzi amayenda m'mitengo ya maple pokhapokha usiku kukazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kufundirako. Mitengo ikayamba kuphukira, madziwo amasintha kakomedwe ndipo alimi amatseka.

Kumeneko musangothamangira kutebulo. Pemphani akuonetseni kophikira. Madzi otuluka mumtengo amaoneka ngati madzi akumwa, shuga wake ndi wochepa kwambiri, moti amawiritsa malita pafupifupi 40 kuti apeze lita imodzi ya manyuchi. Mukaona nthunzi yake ndi nkhuni zomwe zimapsa, mudzaleka kudandaula za mtengo wake m'sitolo. Kale ankapachika ndowa pamtengo uliwonse. Lero alimi ambiri amalumikiza mitengo ndi timapaipi tapulasitiki. Luso lopanga manyuchiwa azungu analipeza kwa eni nthaka, monga Anishinaabe ndi Haudenosaunee, ndipo pano chigawo cha Quebec chokha, komwe kuli Montreal, chimapanga manyuchi a maple oposa magawo 7 mwa 10 a dziko lonse lapansi.

Ana adzasangalala ndi tire: amathira manyuchi owira kwambiri pasinowo, iwe n'kukulunga ndi kamtengo akayamba kulimba. Chakudya chake n'cholemera: supu wa nsawawa, nyemba, mazira, zitumbuwa zawo. Koma nkhumba ili pafupifupi m'mbale iliyonse, ngakhale mu nyemba ndi mu supumo. Ngati pakhomo panu simudya nkhumba, imbani foni musanapite, malo ena amakonza zapadera. Sungitsanitu malo ngati mukupita Loweruka kapena Lamlungu, ndipo valani nsapato zosaopa matope. Ma cabane a chamadera a Rougemont ndi Mont-Saint-Grégoire sali kutali ndi Montreal.

Za kugula: werengani pachitini. Ngati palembedwa corn syrup, bwezani pashelefu, amenewo si a maple. Enieni ali m'magulu anayi malinga ndi maonekedwe, kuyambira oyera mpaka odera kwambiri: doré, ambré, foncé ndi très foncé. Oyererako ndi a kumayambiriro kwa nyengo, oderako ndi akumapeto. Anthu ambiri amathamangira doré poganiza kuti ndiye apamwamba, koma ine kwa munthu woyamba ndimati ambré. Kuphala la mgaiwa kapena pa mbatata yootcha, tengani foncé, fungo lake silisowa m'chakudya. Gulani chitini cha mamililita 540 kwa mlimi komweko. Mukatsegula, khuthulirani m'botolo lagalasi n'kuika mufiriji, apo ayi amachita chuku. Zitini zosatsegula zimakhala nthawi yaitali, moti mukhoza kusungako ziwiri zopita nazo kumudzi.