Funsani za Ziweto: Mahatchi m'thirela, dzuwa la Okutobala

FUNSO

Zikomo a mlangizi. Ine ndine dalaivala kuno ku Salima, ndimayendetsa pikapu ya abwana anga omwe ali ndi malo ogona alendo cha ku Senga Bay. Ndiye abwanawo agula mahatchi awiri ku Lilongwe oti alendo azikwera kumchenga, andiuza kuti ndikawatenge ineyo mwezi uno wa Okutobala pa thirela yomwe tabwereka kwa anzawo. Thirelayo ndi yachitsulo yokhayokha, denga lake ndi lakuda, ili ndi timawindo tiwiri tating'ono m'mbalimu basi, tsiku lina ndinalowamo masana kuti ndisese koma mphindi 5 sizinakwane thukuta lili kamukamu. Abwana akuti tingogula fani ya batire timangirire mkatimo nkhani yatha. Ine mbuzi ndi ng'ombe ndanyamulapo kambirimbiri koma hatchi sindinayigwirepo chibadwire, ndikuopa angandifere m'manja. Kodi faniyo ikwanira?

Wowerenga wa ku Salima

YANKHO

Achimwene, munachita bwino kulowamo nokha masana, chifukwa zomwe thupi lanu linamva mphindi zochepa zija ndi zomwe mahatchiwo akamve ulendo wonse, ndipo iwo zikawavuta kuposa inuyo. Fani payokha siikwanira ayi. Gulani ndithu, imathandiza, koma abwana muwauze mwaulemu kuti fani siziziritsa mpweya, imangoukankha basi. Mukayiyatsa m'bokosi lotseka ndiye kuti mukungotakasa mpweya wotentha womwewo, ngati m'minibasi yodzaza mawindo onse ali otseka, wina akudzikupiza ndi kope koma malaya ali chinyowere.

Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu 400 mpaka 500, ndipo thupi lonselo limatulutsa kutentha ngati mbaula. Anthu amaganiza kuti m'thirela hatchi imangoima phee, ayi ndithu, galimoto ikakhota kapena mukaponda buleki iyo imalimbitsa miyendo kuti isagwe, ndiye ulendo wonse imakhala ikugwira ntchito. Njira yake yodziziziritsira ndi thukuta, ndipo imatuluka thukuta lambiri zedi, ikamagwira ntchito padzuwa imatha kutaya malita 10 kapena kuposa pa ola limodzi lokha. Koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma pakhungu. M'thirela yotseka mahatchi awiri akupumira momwemo, akukodzera momwemo, mpweya umadzaza chinyezi, thukuta lija limangoyenderera m'miyendo mpaka pansi osauma, hatchi ikutha madzi m'thupi koma kutentha kuli pomwepo. Komanso dziwani kuti hatchi siipumira kukamwa ngati galu, imapumira m'mphuno mokha.

Ndiye nkhani yaikulu ndi khomo lolowera mphepo ndi khomo lotulukira. Mphepo izilowera kutsogolo, idutse pamsana pa mahatchi, itulukire kumbuyo cha kumwamba poti mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Mathirela opangira mahatchi amakhala ndi tizitseko tapadenga, takutsogolo timatsegulidwa moyang'ana komwe galimoto ikupita kuti tizikola mphepo, takumbuyo timayang'ana kumbuyo kuti tizikoka mpweya woipa. Yanuyo mwati ili ndi timawindo tiwiri basi, sizokwanira. Yang'anani chitseko chakumbuyo, ambiri amakhala ndi chigawo chapamwamba chotseguka pachokha, chimenecho chimangeni chikhale chotsegula ulendo wonse. Ngati palibe, kambiranani ndi eni ake kaye poti ndi yobwereka, akalola pitani nayo kwa anyamata owotcherera zitsulo pa Kamuzu Road ku Salima akaboole mipata iwiri kutsogolo cha kumwamba ndi ina kumbuyo, aikemo zitsulo zopingasa ndi waya wa sefa, ndipo akhulepo bwinobwino pasatsale pakuthwa. Zitsulozo n'zofunika, hatchi isamatulutse mutu panja galimoto ikuyenda, kamwala kothamanga kapena nthambi yamtengo ikhoza kuiphulitsa diso. Muonenso komwe ekizozi ya pikapu yanu yaloza, utsi usamalowere pa mipata yakutsogoloyo.

Denga lakudalo limandidetsa nkhawa kwambiri. Chitsulo chakuda padzuwa la ku Salima mumachidziwa, dzanja silikhalapo, ndipo chili pamwamba penipeni pa mutu ndi msana wa hatchi. Penti yoyera chitini chimodzi imasintha zinthu kwambiri. Eni ake akakana penti, mangirirani pulayiwudi kapena mphasa kunsi kwa dengalo, musiye kampata pakati kolowa zala ziwiri, koma mumange zolimba pomwe hatchi singafikire kuti iyambe kudzomola. Pansi pakhale labala kuti asaterereke, muwazepo utuchi kapena mankhusu a mpunga oti azimwa mkodzo, muwanyowetse pang'ono kuti fani isamaulutse fumbi m'maso ndi m'mphuno. Udzu omwe azidya m'njira nawonso uviikeni m'madzi kaye.

Tsopano fani. Gulani ziwiri za mavoti 12, zokhala ndi chitetezo cha waya kutsogolo ndi kumbuyo komwe, hatchi iliyonse yake. Muzimange pamwamba kutsogolo, pafupi ndi polowera mphepo paja kuti zizikoka mpweya wakunja, ziziuzira pakhosi ndi pamsana osati m'maso. Mawaya adutse m'paipi chifukwa hatchi imaluma chilichonse chomwe chikulendewera, ndipo muikepo fyuzi, mkatimo muli udzu wouma ndiye moto sungachedwe. Ine ndingakonde zikhale ndi batire lakelake osati la galimoto, chifukwa nthawi yomwe fani imafunika kwambiri ndi pomwe mwaima injini yazima. Musanapakire ziyatseni kaye mahatchi ali panja amve kulira kwake, hatchi ndi nyama yamantha, chinthu chachilendo chikangolira mwadzidzidzi pamutu pake imatha kudzuka ndi miyendo yakutsogolo n'kudzivulaza. Mukafuna kuona ngati mphepo ikuyendadi, ng'ambani jumbo timizeremizere mumangirire malo angapo mkatimo, mutseke ngati mmene mudzatsekere patsikulo, muyatse mafani musuzumire. Pomwe kajumbo kangoti zii osagwedezeka, pamenepo mpweya waima.

Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha, choopsa ndi kuima. Chaka china ndinaona ndi maso angawa pa rodibuloko ina, lole itanyamula mbuzi zophimbidwa ndi lona, mwini wake analibe chilolezo ndiye anamuimika pambali cha m'ma 11 koloko, iye kalikiliki kuimba mafoni. Pomwe amadzavundukula lona ija mbuzi zapakati zinali zitagona malilime ali panja, zina sizinadzukenso, ndipo bamboyo anangokhala pansi m'mbali mwa msewu manja ali kumutu. Chithunzi chimenecho sichinandichoke. Ndiye inuyo chilolezo choyendetsera ziweto cha ku ofesi ya zaziweto mukatengeretu dzulo lake, chikhale m'thumba la malaya osati pansi pa mpando. Mafuta thirani musanapakire. Kuima kogula chipisi, kupatsa moni achibale, zonsezo mudzachita tsiku lina. Mukakakamizika kuima, funani mthunzi, tsegulani kachitseko kam'mbali mutaimapo nokha, mafani ayake.

Koma chomwe chingakupulumutseni kuposa zonsezi, chaulere, ndi wotchi. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima kudzera msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kuonjezapo ena ngati 20 okafika ku Senga Bay, ndi thirela mukuyenda mofatsa m'mabampu ndi m'makona ndi maola ngati 3. Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira 1,000, pomwe nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndiye mukamatsetsereka mapiri aja kutentha kumakhala kukukwera, mahatchi ozolowera kumtunda akulowa m'ng'anjo. Okutobala ndi Novembala ku Salima masana zimadutsa madigiri 33 mosavuta, ndipo m'thirela mumatentha kuposa panja. Kagoneni ku Lilongwe komweko, mupakire mbandakucha, 5 koloko izikupezani muli pamsewu, pofika 8 koloko mahatchi akhale atatsika ali pansi pa mtengo. Abwana akanena kuti ndalama yogonera ndi yambiri, muwafunse kuti hatchi imodzi agula zingati.

Madzi mutenge a komwe akuchokerako m'zigubu zosachepera 4 za malita 20, chifukwa mahatchi ena amakana madzi a fungo lachilendo. Hatchi imamwa malita 25 mpaka 50 patsiku, kukatentha kuposa pamenepo. Amwe musananyamuke, ndipo pakati panjira imani kamodzi pamthunzi muwapatse m'ndowa, akakana musadandaule koma apatseni ndithu. Thukuta la hatchi limatuluka ndi mchere wambiri, ndiye komwe akukakhalako pazikhala mchere wonyambita. Chingwe cha kumutu musachikoke kwambiri ngati mmene timamangira ng'ombe pa lole. Hatchi imafuna kuweramitsa mutu kuti zoipa za m'mphuno ndi pakhosi zituluke, ikakhala mutu uli m'mwamba maola ambiri imatha kudwala chibayo patapita tsiku limodzi kapena awiri. Chikhale chotalika moti itsitse mutu kufika pachifuwa koma isapondepo ndi mwendo.

Mukaima muziyang'ana izi. Hatchi yabwinobwino ikapumula imapuma ka 8 mpaka 16 pa mphindi, werengani poyang'ana m'nthiti. Ikamapuma mwawefuwefu mphuno zitatambasuka osatsika ngakhale mwaima, ikamadzandira, maso ali lende, kapena thukuta lasiyiratu kutuluka khungu lili gwaa lotentha, zinthu zavuta. Tsinani khungu la pakhosi mulisiye, likachedwa kubwerera ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Themomita ya kufamase yomweyi imagwira ntchito, imalowetsedwa kumbuyo kotulukira ndowe mutaima chammbali kuopa chibakera cha mwendo, ndipo poti inu simunagwirepo hatchi, izi achite ndi munthu woizolowera. Thupi lake limayenera kukhala pa madigiri 37.5 mpaka 38.5, ikafika 40 musayembekezenso. Itsitseni pamalo opanda magalimoto, pamthunzi, muithire madzi ozizira thupi lonse, pakhosi, pachifuwa, pakati pa miyendo, ndowa ina ikatha ina, osaleka mpaka kupuma kutsike, kwinaku wina akuimbira dokotala wa ziweto. Musaifunditse chiguduli kapena bulangete lonyowa poganiza kuti mukuithandiza, limafunda msanga n'kutsekera kutentha mkati. Chonde pemphani kuti mnyamata yemwe amawasamalira ku Lilongweko akwere nanu, mahatchi amadekha akamamva mawu a munthu wawo.

Chomaliza mukawauze abwana, poti mahatchiwa akudzakhala kunyanja. Afunse kwa ogulitsawo ngati analandira katemera wa African horse sickness, matenda oopsa kwambiri omwe amafala ndi titizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha, timakonda malo achinyontho. Popakira m'mamawa muwapopere mankhwala othamangitsa tizilombo, ndipo khola lawo la usiku likhale ndi sefa yothina, fani imathandizanso pamenepa poti tizilomboti sitilimba kuuluka pamphepo. Ndipo asadzaganize zopita nawo kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota osafunsa a zaziweto, kumeneko kuli kashembe, amatsata galimoto yoyenda ndi zinthu zakuda, ndipo matenda ake hatchi siipirira.

FUNSO

Ine ndimagula nkhumba m'midzi ya kuno ku Nkhotakota n'kumakagulitsa ku Lilongwe kudzera ku Salima. Timazimanga miyendo n'kuzigoneka m'pikapu, pamwamba timaphimba lona kuti dzuwa lisaziombe. Ulendo wathawu ziwiri zazikulu zinafika zitafa pomwe ponyamuka zinali bwinobwino, mpamba wanga unathera pomwepo. Anzanga akuti wina anandichita chipongwe. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Nkhotakota

YANKHO

Pepani kwambiri mayi, nkhumba ziwiri zazikulu ndi ndalama zambiri. Choyamba, ngati zotsalazo kapena za komwe munagulako zayamba kufooka, kukana kudya, makutu ndi mimba kufiira, uzani alangizi a ziweto lero lomwe chifukwa chikhoza kukhala chigodola, ndipo musanyamulenso zina mpaka akuuzeni. Koma mmene mwafotokozeramu ine ndikuona kutentha. Nkhumba ndi yosiyana ndi hatchi, thukuta loti n'kuiziziritsa ilibe, n'chifukwa chake imakonda kugubuduka m'matope, ndipo zonenepa ndi zomwe zimayamba kufa. Lona yogona pamsana pawo penipeni imatchinga dzuwa inde, koma imatsekanso mpweya, ndiye zili chigonere chomangidwa, zathithikana, pansi chitsulo chikuotcha, msewu wa M5 wokhawo mpaka pa Salima ndi makilomita opitirira 100 m'chigwa chotentha.

Mangani timitengo kapena nsungwi pa pikapupo kuti lona ikwere m'mwamba ngati denga la shedi, m'mbali monse mukhale mwamphepo, mutchinge ndi matabwa otalikirana kuti muzimasule miyendo zizitha kuima ndi kugona zokha. Pansi thirani mchenga wonyowa, kunyanja kuno suvuta kupeza. Chepetsani chiwerengero ngakhale mtima ukukana, musazikhutitse gaga m'mawa wa ulendo koma madzi zimwe, ndipo nyamukani usiku kapena mbandakucha. M'njira ziwazeni madzi ndi kachitsamba kapena botolo loboola pachitsekero, pang'onopang'ono, kenako galimoto iziyenda kuti mphepo iumitse. Ikakhala kuti ina yayasamula kale kukamwa ikupuma movutika, musaikhuthulire ndowa yamadzi ozizira kwambiri pamsana nthawi imodzi, yambani kunyowetsa pansi pomwe yagona, miyendo ndi kumimba, ndipo muisiye ipume pamthunzi osaikoka kapena kuimenya kuti idzuke.

Mafunso anu a ziweto pitirizani kutumiza, mutchule boma lomwe muli ndi mtundu wa chiweto.