Mano oyamba nawo ndi osamala, amayi anzanga

Amayi anzanga a ku Senga Bay, mwafunsa ngati n'koyenera kudandaula kuti mano akutsogolo a mwana wanu wa zaka 3 ayamba kuda ndi kubooka, poti adzaguluka basi. N'koyenera ndithu. Mano oyambawa amakhala 20, ndipo akumbuyo amaguluka mwana atafika zaka 10 mpaka 12. Ndi amene amasungira malo mano achikulire. Dzino likawola, mwana sadya, sagona.

Vuto si maswiti okha ayi. Pali tiyi wa shuga wambiri m'botolo pogona, Sobo, mafilizi a pa Kamuzu Road, ngakhale nzimbe zongotafuna tsiku lonse. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi wodya dzino, makamaka usiku malovu akachepa. Agogo ake ndi azakhali muwafotokozerenso bwino, paja iwowa ndiye amabwera ndi maswiti atamanga pansonga ya chitenje!

Muzimutsuka mano nokha m'mawa ndi pokagona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (mankhwala olimbitsa mano), pang'ono chabe ngati kambewu ka nandolo. Alavule koma asachukuche. Mano abooka kalewo, pitani naye kwa dokotala wa mano kuchipatala cha boma ku Salima tsaya lisanatupe.