Mawu a bwana si salale

Achemwali, mwafunsa ngati mupite ku ntchito yatsopano ku Blantyre kapena mukhale poti bwana akulonjeza kukuwonjezerani salale. Zimenezo zoti "musachoke, tikuwonjezerani" musazimvere pokhapokha zitalembedwa papepala, siginecha ndi chidindo. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa ndi zomwe zinandionekera ine mu 2023. Ndinkagwira za maakaunti pa loji ina konkuno ku Zomba, zaka zinayi. Kampani ina ya ku Blantyre inandiitana, intavyu ndinakhoza, kalata ili m'manja. Bwana atamva anandiitanira khofi, munthu woti chiyambire sanandipatseko ngakhale madzi akumwa. "Mayi, inu ndinu a m'banja muno, Januwale tikukwezani." Ine kupusa, ndinaimba ku Blantyre kukana.

Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Shuga, mafuta ophikira, kabaza wochokera ku Chinamwali, zonse kuuluka. Januwale kutha, salale ili pompaja. Ndinalowa mu ofesi mwawo Lachisanu, tsiku lomwe mwana wanga anamubweza kusukulu kamba ka fizi. Anandisiya chiimire, iwo akudya tchipisi ndi nkhuku, uku akuseka pafoni. Atamaliza anapukuta zala, kukoka dirowa, kutulutsa mulu wa maenvelopu akhaki n'kuumenyetsa patebulo. "Mukuwaona awa? Ana a ku Chanco, madigiri enieni. Theka la salale yanu akhoza kuvina nalo." Envelopu yapamwamba inadetsedwa ndi mafuta a nkhuku ija, mpaka lero ndimaiona m'maso. Ndinakalirira m'chimbudzi cha alendo poti cha antchito chinalibe loko.

Ndipo anthu amenewa alibe manyazi! Akudziwa kuti mu Zomba muno ntchito zenizeni n'zowerengeka: m'boma, ku UNIMA, ku Central Hospital, timabungwe tingapo, basi. Ndiye amatigwira pakhosi, mawa lake n'kumadandaula pa maliro kuti antchito a masiku ano sakhazikika. Akhazikike adya chiyani? Alonda ndi amayi okonza m'zipinda anawakweza mu Febuluwale 2024, osati mwachifundo ayi, koma poti boma linaika K90,000 ngati malipiro otsikitsitsa. Ife a mu ofesi anati lamulolo silikutikhudza, tili kale pamwamba.

Za penshoni ndiye musandiyambitse. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti, iwe 5. Yanga ankadula mwezi ndi mwezi, koma nditasiya ntchito n'kukafunsa kukampani ya penshoni, ndinapeza miyezi yambirimbiri mulibe kanthu. Ndinayenda ku ofesi ya Labour mpaka nsapato kutha chidendene. Inunso kafunseni sitetimenti yanu sabata ino, musanapereke notisi.

Ndiye ine ndikuti pitani, musacheuke. Komanso musathamange, werengani kaye. Nyumba ku Blantyre si ya ku Matawale kapena ku Sadzi, minibasi kawiri patsiku, ndiwo zogula zokhazokha, pomwe kuno mumathyola nkhwani kuseri kwa nyumba. Mnzanga wina anapita ndi salale yokwera, patatha chaka anabwerako ndi ngongole za katapila. Ndipo pochoka musatukwane munthu, perekani notisi bwinobwino, Zomba ndi yaing'ono, mudzakumana pa Mpondabwino. Ineyo, ndisaname, bwana yemweuja amandiitanabe kutha kwa mwezi kuti ndikamukonzere mabuku ngati ganyu, poti mwana wa digiri anamulemba uja anangokhala miyezi itatu n'kuthawira ku Lilongwe. Ndimapita ndithu, koma ndalama ayambe watumiza pa Airtel Money ndisanakwere kabaza.